Kontena, chikombole ndi khoma la malume

Mukadzaima pa Lizulu tsiku la msika, pakati pa milu ya kabichi ndi matumba a kachewere, mudzawerenge mathiraki odutsa pa M1. Ambiri amakhala atabereka chibokosi chachitsulo chija, kontena. Chofiira, chabuluu, cha dzimbiri, koma m'lifupi onse ndi amodzi: mafiti 8. M'litali ambiri ndi mafiti 20 kapena 40. Tinangozolowera kuwaona, koma kufanana kumeneku kuli ndi mbiri yake.

Kale katundu ankakwezedwa m'sitima zapamadzi thumba limodzilimodzi, mgolo umodziumodzi. Sitima inkatha masiku ambiri ili padoko, katundu wina akusweka, wina akubedwa. Malcom McLean, wa ku North Carolina ku America, yemwe anayamba ngati dalaivala wa thiraki, anafunsa kuti bwanji osanyamula bokosi lonse n'kuliika m'sitima osatsegula? Pa 26 April 1956 sitima yotchedwa Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston itanyamula makontena 58.

Komatu nzeru yeniyeni sinali bokosilo ayi. Poyamba kampani iliyonse inkapanga makontena a muyezo wake, moti a kampani ina sankakwana pa sitima ya inzake. Zinthu zinayenda pamene mayiko anagwirizana muyezo umodzi kudzera m'bungwe la ISO chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anagwirizananso za tizitsulo ta m'ngodya tomwe timagwira kontena pa thiraki, pa njanji, pa sitima kapena pamwamba pa inzake. Katswiri amene anakonza njira yomangirirayi ndi Keith Tantlinger. Kuyambira pamenepo, makontena awiri a mafiti 20 amakwana pamalo a imodzi ya mafiti 40, kaya ndi ku Shanghai kaya ndi ku Kanengo.

Ife a Malawi phindu lake tinalionera pamavuto. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinasokonekera, ndipo pofika 1984 dziko lathu linali litataya njira zake zachidule zopitira kunyanja. Katundu anayamba kuzungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Ulendo unatalika, mitengo inakwera, koma bokosi lomwelo linkatha kuchoka pa sitima n'kukwera njanji, kenako thiraki, osapakula kanthu. Nthawi yomweyo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno, ndipo Ntcheu ndi Dedza analandira ambiri. Makolo athu a pa Lizulu amakumbukira bwino, poti malire ake ndi msewu womwewu. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Lero kontena ikakalamba siitayidwa. Imasanduka golosale, saluni, ofesi kapena mosungira feteleza. Wina amadula zenera, wina amalumikiza awiri. Zimatheka chifukwa aliyense amadziwiratu kukula kwake.

Nanga ifeyo? Kumanga pang'onopang'ono tinayamba kale. Pakhomo pa agogo pali nyumba, khitchini, nkhokwe ndi khola, chilichonse pachokha. Nkhokwe ikagwa, nyumba siigwedezeka. Ngakhale lero timamanga chipinda chimodzi, n'kusiya njerwa zitatulukira pangodya ngati mano, kudikira chaka chomwe kachewere adzagulidwe bwino.

Vuto lathu ndi chikombole. Malume anga anamanga zipinda ziwiri, n'kupuma zaka zinayi. Atapeza ndalama anagula njerwa kwa woumba wina. Mmisiri atafika anangogwira pakamwa: "Bambo, njerwa izi si zapachibale." Zatsopanozo zinali zazifupi komanso zopyapyala. Anadzazira matope ambiri kuti mizere ikumane, ndipo mvula ziwiri zitadutsa, mng'alu unatsika molunjika pomwe makoma analumikizana. Palibe anaba, palibe ananama. Aliyense anangoumba ndi chikombole chake.

Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti akuchuluka. Apa pali mwayi woti tigwirizane muyezo, koma ngati aliyense azichepetsa chikombole kuti thumba la simenti litulutse mabuloko ambiri, tibwerera pa khoma la malume.

Ambirife a msinkhu wanga sitidzamanga nyumba yonse ulendo umodzi. Malipiro ake ati? Tidzamanga chipinda chaka chino, china mwana akabadwa. Ndiye amwene, mukamagula njerwa zoyamba, yezani, lembani muyezowo m'foni, ndipo ngati n'kotheka chikombolecho mugule n'kusunga. Ineyo changa chili pansi pa bedi, ngakhale malo sindinagulebe.