Mibadwo itatu ya usilikali m'bokosi limodzi

Pansi pa bedi la agogo anga aamuna, kumudzi kwathu ku Zomba, pamakhala bokosi lachitsulo lomwe ana sitinkaloledwa kulikhudza. Muli mendulo zokulungidwa m'kansalu, lamba wachikopa wouma gwa, ndi kabuku ka usilikali komwe mapepala ake adayamba kale kuthethekera m'mbali. Mendulo imodzi ndi ya nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Imeneyo idasiyidwa ndi bambo awo, omwe adamenya nkhondo ku Burma.

Koma mukawafunsa za mtundu wathu, agogo sayamba ndi asilikali. Amayamba ndi mayi wina amene adachokera kuseri kwa phiri la Mulanje, m'dziko la Apwitikizi, mwana ali kumsana, monga adachitira Alomwe ambiri cha m'ma 1900 pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza. Kwathu mbumba imawerengedwa kuchikazi, ndiye mayi ameneyu ndiye tsinde lathu. Mabuku a asilikali ankalemba mwamuna yekha, dzina la mudzi ndi la mfumu yake, basi. Amayi, alongo ndi ana omwe adatsala kumudzi simungawapezemo, chikhalirecho ndiwo adasunga nkhani zonse.

Mwana anali kumsana uja ndiye adakhala woyamba kutengedwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idafika kuno msanga. Mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen idakaphulitsa ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, tsidya lina la nyanja, ndipo pa 9 September Ajeremaniwo adamenyana ndi asilikali a Keyala ku Karonga. Keyala ndi momwe makolo athu ankatchulira King's African Rifles, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo likulu lake kuno linali ku Zomba. Anthu akumudzi nkhondoyi adaitcha ya Chiwaya. John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yomwe sikuwakhudza, ndipo mu January 1915 adaukira boma.

Mwana uja, yemwe anali amalume a agogowa, sadagwirepo mfuti. Anali a tengatenga, mmodzi mwa amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland omwe adasenza zipolopolo, ufa ndi mahema kutsata asilikali m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri adatha ndi njala, kamwazi ndi malungo. Nkhondo kuno idatha mu November 1918, mkulu wa Ajeremani Paul von Lettow-Vorbeck atagonja ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala ku Zambia. Anzawo adabwerako, amalume aja ayi. Palibe manda, palibe pepala, palibe mendulo. Dzina lawo lidapulumuka chifukwa mlongo wawo adalipereka kwa mwana wake woyamba, yemwe ndi agogo anga.

Ubwana wa agogowa udagwera m'nkhondo yachiwiri, ndipo apa ndi pomwe amachedwa akamafotokoza. Amakumbukira lole itaima pabwalo la amfumu, lipenga likulira, bambo awo akukwera atanyamula kaphukusi kokha. Anali mkamwini m'mudzimo, ndipo ena adanong'onezana kuti athawa khasu. Munda wonse udatsalira mayi. Agogo, ali kamnyamata kosafika pa msinkhu wolima ndime, ankadzuka mbandakucha kukaingitsa anyani m'chimanga, kenako kuthamangira kusukulu ya mishoni wopanda kanthu m'mimba. Nsalu zidasowa m'masitolo, kotero mayi awo ankasoka zigamba pamwamba pa zigamba.

"Mdzukulu wanga," adandiuza tsiku lina, "kalata ikabwera mayi sankaitsegula. Ankaiika m'lichero, n'kuvala nsalu yabwino, n'kupita nayo kwa aphunzitsi. Ine ndinkayang'ana nkhope ya aphunzitsiwo asadayambe kuwerenga, kuti ndidziwe ngati tilira kapena ayi."

Madzulo ana ankasema mfuti za mitengo n'kumaguba pabwalo kutsanzira beni, gule wa asilikali uja yemwe mpaka lero amavinidwa ku Zomba, Machinga ndi Mangochi. Ankatchula Moyale, Mombasa ndi Ceylon ngati midzi yoyandikana nayo, osadziwa kuti ili kuti.

Malo amenewo analidi njira ya bambo awo. Mu July 1940 asilikali a ku Nyasaland adalimbana ndi Ataliyana ku Moyale, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo n'chifukwa chake baraki ya ku Mzuzu ili ndi dzina limeneli. Ena adapita ku Madagascar mu 1942. Mu 1944 gulu la 11th East African Division lidalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mkati mwa dzinja lamvula yosakata, kuthamangitsa Ajapani mpaka kumtsinje wa Chindwin. Bambo a agogo akamanena za kumeneko sankatchula kwambiri zipolopolo. Ankanena za matope ofika m'maondo, misundu yolowa m'jombo, ndi anzawo omwe adawakwirira mwachangu m'mbali mwa njira.

Adabwerako ndi jombo, chikhoti ndi ndalama zomwe adagulira njinga. Usiku ankadzidzimuka n'kukuwa m'Chiswahili, ndipo mayi ankangowagwira dzanja mpaka atagonanso. Masiku amenewo panalibe yemwe ankati amenewo ndi matenda. Njala ya 1949 itavuta, njinga ija idasinthanitsidwa ndi chimanga. Agogo amanena mosabisa kuti njala imeneyo ndiyo idawapititsa ku Keyala, chifukwa kubaraki kunali phoso ndi malipiro a pamwezi.

Adalowa usilikali pa nthawi yomwe asilikali a ku Nyasaland ankasinthana ku Malaya, pakati pa 1952 ndi 1954, kusaka zigawenga m'nkhalango. Za kumeneko amafotokoza momasuka. Koma mukawafikitsa pa 1959 amayang'ana pansi. Pa 3 March chaka chimenecho boma la atsamunda lidamanga Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi atsogoleri a chipani cha Congress, pa chipwirikiti cha nthawiyo anthu oposa 50 adaphedwa m'dziko muno, ndipo Keyala idatumidwa kukakhazikitsa bata pakati pa abale ake omwe. Ndidawafunsa kamodzi kokha. Adati, "Lamulo la msilikali ndi lolemera, mwana iwe," n'kusintha nkhani. Ine sindiwaweruza, koma ndimakhulupirira kuti gawo limeneli nalonso liyenera kulembedwa, chifukwa mbiri yongotola zokoma zokha imanamiza adzukulu.

Pa 6 July 1964 anali pa perete pamene mbendera ya Britain inkatsika, Keyala n'kusanduka Malawi Rifles. Akuluakulu oyera adakhalabe zaka zingapo, mpaka mu 1972 pomwe Graciano Matewere adakhala Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali onse. Agogo adapuma ali sajeni. Mwana wa mlongo wawo ndiye adatenga yunifolomu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali m'gulu lolondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique, dziko lomwe gogo wathu uja adachokera wapansi.

Chaka chilichonse mu November atsogoleri amaika nkhata za maluwa pa chipilala cha chikumbutso pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba ndi pa china ku Lilongwe. Zimenezo n'zoyenera. Koma pa zipilalazo simupezapo amalume a tengatenga aja, kapena mayi woika kalata m'lichero, kapena mwana woingitsa anyani bambo ake ali ku Burma. Amene adaona nkhondo yachiwiri ali ana tsopano apitirira zaka 85, ndipo akutha mmodzimmodzi.

Ngati kwanu kuli gogo wotere, pitani sabata ino ndi kope kapena foni yojambulira mawu. Afunseni dzina la mayi awo ndi la gogo wawo wamkazi, mudzi womwe adachokera, ndi omwe adapita kunkhondo osabwerako. Bokosi likatsegulidwa, jambulani pepala lililonse chiswe chisadalowemo.