Chifukwa chiyani palibe dishi ya kanema yoyang'ana kumwera?

Munthu woyenda mumsewu wa Lilongwe-Mchinji akafika pa Mpingu kapena pa Namitete amaona madishi a kanema pamadenga ndi pamakoma a masitolo ndi nyumba zoonetsera mpira. Pa Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ndi chimodzimodzi. Madishi ena amaloza kumpoto, ena kumpoto cha kum'mawa, koma palibe yoloza kumwera. Izi zili chomwechi kaamba ka njira yomwe masetilaiti amadutsa pozungulira dziko lapansi.

Setilaiti sigwa pansi chifukwa cha liwiro lake. Mwana akamanga mwala kuchingwe n'kumaupukusa, mwalawo umafuna kuthawa koma chingwe chimaubweza, choncho umangozungulira. Kumlengalenga, chingwecho ndi mphamvu yokoka ya dziko lapansi. Mphamvu ya mtundu womwewu, yochokera kudzuwa, ndiyo imachititsa kuti dziko lathu lizungulire dzuwalo kamodzi pachaka, lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni.

Chinthu chikakhala pafupi ndi dziko chimayenera kuthamanga kwambiri. International Space Station, momwe mumakhala akatswiri a sayansi, ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko m'mphindi 90 zokha, paliwiro la makilomita 28,000 paola. Mwezi uli kutali, makilomita 384,000, ndipo umatenga masiku 27.

Pakati pa ziwirizi pali mtunda wa makilomita 35,786. Setilaiti yoikidwa pamenepa, pamwamba pa mzere wa ikweta, imamaliza ulendo wake m'tsiku limodzi, nthawi yomweyo yomwe dziko limatenga kuti litembenuke kamodzi. Kwa munthu woima pansi, imakhala ngati yakhomeredwa malo amodzi. N'chifukwa chake dishi ikachunidwa bwino sifunikanso kuitembenuza. Popeza Malawi ali kumwera kwa ikweta, ndipo Lilongwe ali pamadigiri pafupifupi 14, masetilaiti onse oterewa amakhala mbali ya kumpoto kwa thambo lathu.

Pamtunda wotere, dishi ikangosunthidwa pang'ono ndi mphepo kapena ndi ana osewera, chithunzi chimatayika. Mvula yamphamvu nayo imatchinga mafunde ochokera kusetilaiti. Oonera mpira amene amakalipira mwini malo kanema akadula m'mwezi wa Januwale, nthawi zambiri amalakwira munthu wosalakwa.

Phindu lalikulu la njirayi kwa mlimi si mpira ayi. Mumzere womwewu muli masetilaiti a Meteosat, a bungwe la maiko a ku Ulaya la EUMETSAT, amene amajambula mitambo ya mu Africa usana ndi usiku. Nthambi yoona zanyengo m'dziko muno imaphatikiza zithunzizi ndi miyezo ya mvula, mphepo ndi kutentha yochokera kumalo monga Chitedze, isanaulutse uthenga pawailesi. Namondwe wa Freddy, yemwe anasakaza chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale ndipo masetilaiti anamutsatira kwa milungu ingapo akuoloka nyanja ya India. Mlimi wa chimanga, mtedza kapena fodya ku Kabudula akamva kuti mvula yobzalira ichedwa, gawo lina la uthengawo lachokera kumakinawa.

Masetilaiti a pamtunda wa makilomita 35,786 saoneka ndi maso. Timiyuni tomwe timaoneka tikuyenda mwakachetechete dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha ndi masetilaiti apafupi, ndipo sayatsa nyali: amangonyezimira ndi kuwala kwa dzuwa lomwe kwa ife lalowa kale koma kumwambako likadawala. Yoyamba, Sputnik 1, inaponyedwa ndi dziko la Soviet Union pa 4 Okutobala 1957, ndipo lero alipo zikwizikwi. Ambiri ndi a kampani ya intaneti ya Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023. Awa amadutsa pamtunda wa makilomita mazana angapo okha, ndipo akangoponyedwa kumene amaoneka atandondozana ngati mikanda. Anthu a kumudzi, komwe kulibe magetsi ambiri, ndiwo amawaona bwino kuposa a mumzinda.