Masewera a wing foil: malo ndi nyengo yake ku Niassa

Wing foil ndi masewera a pamadzi. Wosewera amaima pa kathabwa atagwira phiko lopopa mpweya. Pansi pa kathabwako pali chitsulo chotalika pafupifupi masentimita 80, ndipo mphepo ikakoka bwino kathabwa kamanyamuka n'kumayenda pamwamba pa madzi.

Kuno ku Amaramba, m'boma la Mecanhelas, mphepo ilipo koma madzi ake salola. Nyanjayi, yomwe imalumikizana ndi Chiuta n'kutulutsa mtsinje wa Lugenda, ndi yosaya, ya mabango, ndipo asodzi amatchera maukonde ponseponse. Chitsulo chija chikakola ukonde, wosewera amagwa, msodzi naye wataya chomudyetsa. Mvuu nazonso zilimo.

Malo abwino ndi Nyanja ya Niassa, makamaka chilumba cha Likoma, moyang'anana ndi Cobué. Chilumbachi ndi cha Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, choncho musaiwale pasipoti. Mungafike pa boti kuchokera ku Cobué, kapena pa sitima ya Ilala kuchokera ku Nkhata Bay.

Nyengo yake ndi ya mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Imalimba mu Juni ndi Julaye, ndipo imatha kuomba masiku angapo osaleka. Ndi mwera womwewu umene umagubuduza mabwato, kotero ongoyamba kumene asalowe m'madzi tsiku limene asodzi akokera mabwato kumtunda. M'dzinja kumaomba mpoto, wosadalirika, wobwera ndi mabingu mwadzidzidzi.