Mabawuti Anayi a Gravely: Mbiri ya Kathirakitala ka M'dimba ndi Anthu Okadzutsa

M'midzi ya kum'mawa kwa dziko la United States si chachilendo kupeza kathirakitala ka mateyala awiri kali gone kuseri kwa khola, dzimbiri litakadya, mwini wake atatsikira kulichete kalekale. Kathirakitala kameneka kalibe mpando. Wokayendetsa amakatsata pambuyo atagwira zigwiriro ziwiri, monga momwe mlimi amatsatira pulawo ya ng'ombe. Tambiri mwa timakina totere ndi ta mtundu wa Gravely, ndipo pali anthu, ena a iwo adzukulu a eni ake oyamba, amene amatha miyezi akufunafuna masipeya kuti katsokomolenso. Ntchito yawo imayamba ndi mbiri, sipanala ibwera pambuyo, pakuti chitsulo chilichonse cha makinawa chili ndi zaka zake.

Mwini dzinali anali Benjamin Franklin Gravely, amene anabadwa mu 1876 m'chigawo cha Virginia, ndipo ankapeza chakudya pojambula zithunzi mumzinda wa Charleston ku West Virginia. Atatopa ndi kukankha kapulawo ka pamanja m'dimba mwake, anakamangirira injini ya njinga yamoto ya mtundu wa Indian. Mu 1916 boma linamupatsa chikalata chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lake, ndipo mu 1922 kampani yake inakhazikitsidwa m'tauni ya Dunbar. Makina oyamba kugulitsidwa mochuluka, otchedwa Model D, anali a teyala limodzi lokha. Amene anatchukitsa dzina la Gravely ndi Model L, a mateyala awiri, amene anayamba kufala cha mu 1937 napitirira kupangidwa, akusinthidwa apa ndi apo, mpaka zaka za m'ma 1970.

Chimene chinasiyanitsa Model L ndi anzake n'chakuti mphamvu ya injini inkafika kumateyala ndi kuchida chogwirira ntchito kudzera m'magiya okhaokha, popanda lamba woti n'kutha kapena kuterereka. Kutsogolo kwa makinawo kunali chibowo chozunguliridwa ndi mabawuti anayi. Pamenepo ndi pomwe pankamangidwa chida chilichonse: chotchetchera udzu chokhala ndi mano oyenda uku ndi uku, china cha mpeni wozungulira wotalika mainchesi 30, macheka odulira nkhuni, burashi yosesera, ngakhalenso chopemerera chipale chofewa m'nyengo yachisanu. Kumbuyo ankakolekako kangolo kapena kampando ka mateyala. Koma chida chimene alimi ankachinyadira koposa chinali pulawo yozungulira. Imeneyi ili ndi mipeni inayi yozungulira pashafiti yoimirira, ndipo m'malo motembenuza nthaka monga ichitira pulawo wamba, imaidula n'kuiponyera kumbali itafewa kale, kotero kuti munthu akhoza kubzala tsiku lomwelo.

Kampaniyo inasintha eni ake kangapo. Mu 1960 inagulidwa ndi Studebaker, kampani yopanga magalimoto imene inali itayamba kale kupendekeka, ndipo inasiyiratu kupanga magalimoto mu 1966. Mu 1968 fakitale inasamuka ku Dunbar kupita ku Clemmons, m'chigawo cha North Carolina, ndipo mu 1982 kampani ya Ariens ya ku Brillion, Wisconsin, inatenga dzina ndi ntchito yonse. Pa kusintha konseku, mabawuti anayi aja anakhalabe pamalo pake kwa zaka makumi angapo. Apa m'pamene pagona mwayi wa wokonza wa lero. Pulawo yozungulira ya m'zaka za m'ma 1950 ikhoza kulowa pathirakitala ya m'ma 1970, ndipo ngakhale pamene kampani inadzabweretsa njira yatsopano yokolekera zida mwachangu, panapangidwa zolumikizira kuti zakale zisatayidwe. Opanga katundu ambiri a masiku ano sachita manyazi kusintha kabowo kamodzi chaka ndi chaka kuti wogula abwerenso kusitolo. A ku Dunbar m'zaka zimenezo analibe mtima wotero.

Komabe kufanana kwa kunja kumanamiza. M'kati zinthu zinkasintha mwakachetechete. Injini, imene kampani inkapanga yokha, inayamba ndi mphamvu ya mahatchi 5, inakwera kufika pa 6.6 mu 1955, kenaka pa 7.6 mu 1966, ndipo makina akuluakulu a pambuyo pake anayamba kuikidwa injini za kampani ya Kohler. Mu 1963 munabwera giya ya Swiftamatic imene inawonjezera maliwiro. Panalinso mitundu itatu yooneka ngati ana a bere limodzi, L, LI ndi LS, yosiyana liwiro lokha: woyamba wothamanga, wachiwiri wapakatikati, wachitatu woyenda pang'onopang'ono, woyenera kulimira. Kusiyana kwake kwabisika m'mimba mwa makina, pagiya yopota ngati chikulungo ndi inzake ya mkuwa imene imazungulitsa mateyala. Ziwirizi zimayenda m'banja. Wogula giya ya mkuwa ya LS n'kuikwatitsa ndi yopota ya L wataya ndalama, ndipo akaumiriza amawononga zonse ziwiri. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. N'chifukwa chake wokonza wanzeru amayamba wapukuta kachitsulo kolembedwa nambala ya makinawo, kuti adziwe chaka ndi mtundu wake, asanatulutse ndalama ngakhale imodzi.

Masipeya amapezeka m'njira zingapo, ndipo si onse ovuta. Pulagi, mabering'i, zotsekera oyilo ndi tizida ta kabureta ya Zenith n'zogulika, chifukwa zinkagwiritsidwanso ntchito pamakina ena ambiri. Magineto, amene amapereka moto kupulagi popanda batire, ankachokera ku makampani monga Wico ndi Fairbanks-Morse, ndipo kawirikawiri makina akakana kulira pambuyo pogona zaka zambiri, mlandu umakhala wa tizitsulo tiwiri togundana m'kati mwa maginetowo, timene timangofuna kupalidwa. Zovuta ndi zitsulo zoumba, monga silinda ndi chibale cha kutsogolo chonyamula mabawuti anayi aja. Zimenezi zikasweka, mankhwala ake ndi kugula thirakitala ina yakufa kuti ikhale nkhokwe ya masipeya. Choncho munthu amene anayamba ndi makina amodzi amadzazindikira ali ndi atatu pabwalo, awiri ali mafupa okhaokha, a m'nyumba akumuyang'ana cham'mbali. Bungwe la Gravely Tractor Club of America limasonkhanitsa anthu otere pamsonkhano wotchedwa Mow-In, kumene amaonetsana makina, kusinthana zida ndi kugawana mabuku akale a malangizo.

Kumasula kwenikweni n'kumene kumayesa mtima. Mabawuti a makinawa ndi a muyeso wa mainchesi, osati mamilimita. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pabawuti ya theka la inchesi, imene ndi mamilimita 12.7, koma kadanga kakang'ono kotsalako n'kokwanira kukulungiza mutu wa bawuti yogwidwa ndi dzimbiri. Odziwa amathira mafuta ofewetsera, kudikira masiku, kuwotcha pang'ono ndi moto, kenaka n'kuyesanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bawuti ikadukira m'chitsulo choumba, ntchito ya ola limodzi imasanduka ya sabata.

Pali chinthu china chimene chagwetsa ambiri ozolowera makina ena. Mu Model L, injini ndi magiya zimamwera chitsime chimodzi: pampu imakoka oyilo pansi pa bokosi la magiya n'kumutumiza ku injini, kenaka amabwerera komweko. Wothira oyilo wolimba wa magiya, poganiza kuti akuchita bwino, amapha injini ndi ludzu. Oyilo yemweyo amafikanso kuchibowo cha kutsogolo chija, motero pomanga chida pamafunika gasiketi yabwino pakati, ndipo ngati palibe chida chomangidwa, chibowocho chiyenera kutsekedwa ndi chivundikiro chake kuti oyilo asatayike ndiponso fumbi lisalowe.

Chida chisanamangidwe, wokonza amaona kaye kilachi yake yodzitetezera. Imeneyi inapangidwa kuti iziterereka mpeni ukagunda mwala kapena chitsa, kuti nkhonyayo isafike kumagiya. Ikakhala panja zaka zambiri imagwirana ndi dzimbiri n'kukhala chitsulo chimodzi, ndipo mwala woyamba umene pulawo ikumane nawo umathyola mano a giya amene mwina anasakidwa miyezi itatu. Makina a nthawi imeneyo analibenso zozimitsa injini munthu akasiya zigwiriro. Mipeni imazungulirabe ngakhale woyendetsa atagwa, ndipo wochotsa udzu wokodwa pamipeniyo injini ikulira amaika zala zake pachiswe.

Mathirakitala a mateyala awiri a Gravely a mtundu wakalewu analeka kupangidwa mu 2004, ngakhale dzinalo likadalipo pamakina otchetchera udzu amakono. Benjamin Gravely mwini wake anali atapuma pantchito mu 1940, namwalira mu 1953, Studebaker isanabwere n'komwe. Model L zambiri zotsala zimalizidwabe monga m'masiku ake: wokonza amakulunga lamba wa chikopa pagudumu la kumbuyo kwa injini, amatembenuza pang'ono mpaka atamva kulimba, amaponda nthaka mwamphamvu, n'kukoka kamodzi.