Magazi ndi nthumanzi m'mafilimu oopsa

Mafilimu oopsa ndi mafilimu amene amapangidwa n'cholinga choti woonera achite mantha. Opanga mafilimuwa amadalira njira ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi yoonetsa poyera thupi la munthu likuvulazidwa: magazi, mabala, ziwalo zoduka. Inayo ndi yomusiya woonera mtima uli m'mwamba, akudziwa kuti choipa chikubwera koma osadziwa kumene chitulukire. Kuyambira zaka za m'ma 2000 anthu ambiri akhala akudandaula kuti mafilimu amakono anasiya njira yachiwiriyi n'kungokhalira kukhetsa magazi. Dandauloli lili ndi mfundo, koma limanena zoona za nyengo imodzi yokha komanso za gulu limodzi la mafilimu.

Kale magazi sankaoneka kwenikweni, ndipo chifukwa chake sichinali luso lokha. Ku America, kuyambira 1934, makampani a ku Hollywood ankatsatira malamulo okhwima otchedwa Hays Code, amene ankaletsa kuonetsa nkhanza poyera. Opanga mafilimu anakakamizika kuopseza ndi mithunzi komanso phokoso. Mu Cat People ya 1942, imene anatsogolera Jacques Tourneur, mayi wina akuyenda yekha usiku ndipo akumva mapazi akumutsatira. Mapaziwo akuleka. Iye akutembenuka, msewu uli zii, akufulumira, kenaka phokoso likumveka ngati chilombo chalusa, koma ndi basi imene yaima pambali pake. Palibe amene wakhudzidwa ngakhale ndi chala, komabe mpaka lero opanga mafilimu amatengera kachitidwe kameneka.

Alfred Hitchcock ankafotokoza nkhaniyi ndi chitsanzo cha bomba lobisidwa kunsi kwa tebulo. Likangophulika mwadzidzidzi, woonera amadzidzimuka kwa kanthawi kochepa. Koma akaona bombalo likuikidwa, ndipo anthu awiri akhala patebulopo n'kumacheza osadziwa kanthu, mphindi iliyonse ya machezawo imamupweteka. Mu Psycho ya 1960, chigawo cha mayi wophedwa akusamba anachijambula pafupifupi sabata yathunthu. Zithunzi zimasinthana mofulumira kwambiri moti mpeni suoneka bwinobwino ukulowa m'thupi, ndipo magazi otsetsereka ndi madzi anali chokoleti chamadzimadzi, poti filimuyo inali yopanda mitundu. Chobaya mtima kwenikweni ndi kulira kwa mavayolini a Bernard Herrmann.

Magazi nawo si a dzulodzulo. Nyumba ya zisudzo ya Grand Guignol ku Paris inkaonetsa anthu akukolowoledwa maso ndi kudulidwa makosi pabwalo kuyambira 1897 mpaka 1962. Ku Britain kampani ya Hammer inaonetsa magazi ofiira mu The Curse of Frankenstein mu 1957, ndipo mu 1963 Herschell Gordon Lewis anatulutsa Blood Feast, imene ambiri amaiwerenga ngati filimu yoyamba yopangidwira magazi basi. Hays Code itachotsedwa mu 1968, m'malo mwake munabwera dongosolo logawa mafilimu potengera msinkhu wa oonera, ndipo chitseko chinatseguka. Tom Savini, amene anapanga mabala a mu Friday the 13th ya 1980, anali atagwirapo ntchito yojambula zithunzi ku nkhondo ya ku Vietnam, kumene anaona mitembo yeniyeni. Ku Britain makaseti a mafilimu otere anautsa mapiri pachigwa mpaka mu 1984 boma linakhazikitsa lamulo la Video Recordings Act.

Chodabwitsa n'chakuti anthu amakumbukira magazi ngakhale pamene panalibe. The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper (1974) ili ndi mbiri ya nkhanza zosaneneka, koma ukaionera mosamala magazi ake ndi ochepa. N'chimodzimodzi Halloween ya John Carpenter (1978). Woonera amamaliza yekha m'mutu mwake zimene kamera yabisa.

Nyengo imene dandaulo lija limaikhudza kwambiri inayamba ndi Saw mu 2004 ndi Hostel ya Eli Roth mu 2005. Saw anaipanga James Wan ndi Leigh Whannell ndi ndalama zongopitirira pang'ono madola miliyoni imodzi, ndipo inabweretsa madola oposa 100 miliyoni. Filimu yoyambayo imaima pa funso limodzi: amuna awiri omangidwa unyolo kumwendo m'bafa lauve, apatsidwa sowo yosatha kudula chitsulo, kodi achita chiyani? Koma zigawo zotsatira, zimene zinkatuluka chaka ndi chaka mpaka 2010, zinkapikisana pa misampha yong'amba thupi, nkhani n'kumacheperachepera. Apa odandaula akunena zoona. Munthu amene sunamudziwe, amene wabwera m'filimu kudzangofa, ngakhale amukhadzule bwanji umangomva nseru, mantha osabwera.

Nyengoyi isanafike, m'kati mwake komanso itadutsa, njira ya nthumanzi ija inali ikupindulabe. Ringu ya Hideo Nakata ku Japan (1998) ndi The Blair Witch Project (1999) zinaopseza anthu popanda magazi ambiri. Paranormal Activity ya Oren Peli anaijambula ndi madola 15,000 okha, mbali yaikulu ili kamera yoloza bedi usiku, woonera n'kumayang'anitsitsa chitseko ngati chisuntha. Itafika m'nyumba zambiri zoonetsera mafilimu mu 2009 inabweretsa madola oposa 190 miliyoni. James Wan yemwe uja anapanga The Conjuring mu 2013, mmene mayi waima mumdima pamwamba pa masitepe atayatsa kamtengo ka machesi, ndipo manja awiri akutulukira paphewa pake n'kuomba. Kenaka kunabwera The Babadook ya Jennifer Kent (2014), The Witch ya Robert Eggers (2015), A Quiet Place ya John Krasinski (2018), ndi Get Out ya Jordan Peele (2017), imene inapambana mphoto ya Oscar pa kalembedwe ka nkhani. His House ya Remi Weekes (2020) imasimba za banja lothawa nkhondo ku South Sudan limene likuzunzidwa ndi mfiti m'nyumba yawo yatsopano ku England, ndipo mantha ake amachokera ku chikumbumtima.

Chofooketsa mafilimu ambiri amakono ndi chizolowezi chodzidzimutsa. Nyimbo zimaleka, kumakhala chete, kenaka phokoso lalikulu ndi nkhope yoipa. Zikachitika kamodzi zimagwira mtima, koma zikabwerezedwa kakhumi woonera amayamba kulosera, nthumanzi n'kutheratu. Basi ya Tourneur inagwira ntchito chifukwa cha ulendo wautali wamumdima umene unaitsogolera, ndipo ulendowo ndi umene ambiri amaudumpha.

Mafilimu a magazi sanathe, ndipo ali ndi anthu awoawo. Terrifier 2 ya Damien Leone (2022), yopangidwa ndi madola pafupifupi 250,000, inatchuka chifukwa cha nkhanza zake, ndipo Terrifier 3 inatsogola pa malonda ku America sabata imene inatuluka mu October 2024. Chaka chomwecho The Substance ya Coralie Fargeat inagwiritsa ntchito thupi lowonongeka pofuna kudzudzula momwe makampani a kanema amatayira akazi akayamba kukalamba, ndipo mu 2025 inapambana Oscar pa luso lokonza maonekedwe a osewera.