MBIRI YA SITIMA YOPANDA INJINI

Lero tikambe za sitima ina ya masewera imene Azungu aicha roller coaster. Iri ndi ngolo ndi njanje monga sitima zonse, koma iribe injini, ndipo anthu amalipira ndalama kuti iwagwetsere m'zigwa ndi kuwatembenuza mutu pansi, miyendo m'mwamba. Funso limene lasautsa omanga ace kuyambira kale ndi ili: cinthu copanda injini cidzatenga kuti mphamvu yoyendera?

Yankho loyamba linacokera ku mgodi. M'caka ca 1827, ku Pennsylvania m'dziko la America, eni mgodi wa malasha anayala njanje ya mamailosi 9 kucokera pa Summit Hill kutsikira ku mudzi wa Mauch Chunk. Ngolo zodzala malasha zinali kutsika zokha cifukwa ca kulemera, ndipo nyuru zinali kuzikokera kumtunda zitakhuthulidwa. Potsika, nyuruzo zinali kukwera m'ngolo yao ngati mabwana. Mu 1872 anaboola njira yina m'phiri, malasha naleka kudzera pamenepo, ndipo njanje ija inasanduka ya alendo ofuna kulawa liwiro. Mu 1884 LaMarcus Thompson anamanga kanjanje ka masewera okha ku Coney Island, ku New York. Kanali kuyenda mamailosi 6 pa ora, liwiro limene mnyamata wa pa njinga angaliseke. Posacedwa anthu anayamba kukokera ngolo pamwamba pa citunda coyamba ndi unyolo, pang'onopang'ono, ndi kuzisiya kuti zigwe zokha. Kwa zaka pafupifupi 90 njira inali yomweyo: wofuna liwiro lalikuru ayambe wamanga citunda cacitali.

Amene anasintha zimenezi ndiye Anton Schwarzkopf wa ku Germany. Iye anaona kuti sikofunika kukweza sitima. Mphamvu ingasungidwe pena, ndi kuimasula yonse kamodzi sitima iri pa njanje yosalala, monga mwala ucoka pa legeni. Mu 1977 anakweza cinthu colemera matani 40 m'kati mwa nsanja. Cikamasulidwa cinali kugwa, cikoka cingwe ca waya, cingweco nicikankha sitima. Inu amene mudziwa colemera cija cimene citsika m'mgodi pamene cikepe cikwera, mwamva kale nzeru yace. Caka cotsatira anagwiritsa nchito gudumu lalikuru lolemera. Injini ya magetsi ilizunguza kufikira lathamanga kwambiri, pamenepo alilumikiza ndi cingwe. Sitima ya Montezooma's Revenge ku California inafika mamailosi 55 pa ora masekondi 5 asanakwane. Gudumu lotere linali kuthandizanso makina okweza zikepe m'migodi yambiri yakale.

Mu 1996 kunadza njira imene ine ndiiyesa yoposa zonse. Sitima ya Flight of Fear, ku Ohio ndi ku Virginia, inakankhidwa popanda cingwe kapena dzanja loikhudza. M'njanje anandandika mawaya a mkuwa okulunga, mkuwa wa mtundu womwe uno mukumba pa Nkana ndi pa Mufulira. Magetsi akalowa m'mawayamo amasanduka maginito, ndipo mphamvu ya maginitoyo imathamanga motsata njanje monga funde pa nyanja. Pa ngolo pali zipsepse za citsulo zopyola pakati pa maginitowo, ndipo funde lija liwakoka osawakhudza. Popeza palibe zokhulana, palibenso zambiri zakutha.

Koma ofuna liwiro sanakhute. Mu 2002 kampani ya Intamin inabwezanso cingwe, tsopano cokokedwa ndi mafuta. Mapampu akankhira mafuta m'mitsuko ya citsulo momwe muli mpweya wa nitrogen, mpweyawo nupanikizika. Akatsegula, mafuta atuluka mwaukali, nazunguza gudumu lokulungapo cingwe. Ndi nzeru imeneyi Kingda Ka, ku New Jersey, mu 2005 inafika mamailosi 128 pa ora m'masekondi atatu ndi theka, nikwera nsanja ya mapazi 456. Nthawi zina, mphepo ikaomba mopinga, sitima inali kulephera kufika pamwamba, nibwerera cam'mbuyo; omanga anadziwiratu zimenezi, naika mabuleki a maginito oiimitsa bwino.

Tsono cingwe ndi cingwe, ndipo munthu wa pa mgodi safuna kuuzidwa kuti cimatha. Mu 2009 cingwe ca sitima ya Xcelerator ku California cinaduka pakukankha, anthu awiri napweteka. Makina a mafuta anali kuonongeka kawirikawiri ndi kudya ndalama zambiri pokonza, cotero omanga ambiri anatembenukira ku maginito. Kingda Ka inatsekedwa mu 2024, ndipo m'mwezi wa February 2025 anaigwetsa.

Imodzi ya sitima zoyamba za Schwarzkopf, ija ya colemera cogwa, inaoloka nyanja. Inayamba nchito ku Carowinds m'America mu 1977, ndipo mu 1989 anaimanganso ku Gold Reef City, ku Johannesburg, naicha Golden Loop. Malo amenewo ali pamwamba pa mgodi wakale wa golidi wa Crown Mines, m'dera limene anthu ambiri a kuno kwathu anapitako kukagwira nchito ya pansi.