Tizibokosi Topanda Diski pa Madesiki a Makalaliki

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Binson's, yogulitsa zipangizo zachipatala kufupi ndi Detroit ku America, inkafuna kuti antchito ake azilumikizana ndi makompyuta awiri akuluakulu, ina ya IBM AS/400, ina ya Unix. Kugulira aliyense kompyuta yathunthu kukanadya ndalama zambiri, kuzisamalira kukanakhalanso mtolo wina. Jim McQuillan, amene ankathandiza kampaniyo, anasankha kuika makompyuta opanda hard disk pa madesiki, ntchito yonse n'kuisenzetsa seva yoyendera Linux. Mu 1999 anaika luso lakelo poyera kwaulere, pa dzina la Linux Terminal Server Project, mwachidule LTSP.

Nzeruyi sinayambe ndi iye. Kampani ya DEC inatulutsa VT100 mu 1978, sikirini ndi kiyibodi basi, ndipo X Window System ya ku MIT ya mu 1984 inalola kuti pulogalamu iziyenda kwina, chithunzi chake n'kumaonekera kwina. Chimene McQuillan anachita n'kutsitsira nzeruyi kwa wabizinesi wa thumba lochepa, ndipo pa ichi ayenera ulemu.

M'mawa kalaliki akayatsa kabokosi kake, kankaitana pa netiweki, seva n'kukapatsa adiresi ndi kukatumizira Linux kudzera pa waya. Akalemba dzina ndi pasiwedi, makalata ndi maakaunti ake onse ankatuluka, ngakhale atakhala pa desiki ya mnzake. Kabokosi kakapsa, ankangobweretsa kena n'kulumikiza, popanda fayilo yotayika. Makompyuta okalamba a Pentium, oti akanatayidwa kudzala, anagwiranso ntchito zaka zingapo ngati tizibokosi totere. Masukulu anatengerapo: ku South Africa, bungwe la Shuttleworth Foundation linakhazikitsa zipinda za tuXlab motero.

Koma seva ikafa, ofesi yonse inkangokhala manja lende. Vuto lalikulu linadza ndi mavidiyo a pa intaneti: anthu ochepa chabe akatsegula YouTube nthawi imodzi, seva ndi netiweki zinkalemedwa, aliyense n'kumadikira.

Makompyuta atatsika mtengo, njira inasintha. Mu 2019, Alkis Georgopoulos wa ku Greece analembanso LTSP kuchokera pachiyambi. Tizibokosi timatengabe Linux ku seva, koma mapulogalamu timayendetsa tokha.